Mafuwa Otola m'Madzi

Penjani, ima pomwepo. Chimene wanyamulacho ukupita nacho kuti? Kudzala? Tula pansi, ndipo utule bwinobwino, osachita choponya. Inu ana a ku Lusaka mukaona chinthu chakuda chopanda batani mumangoti ndi chinyalala. Mwafika dzulodzuloli, lero mwayamba kale kundichotsera katundu pakhomo panga kuti mupeze poika mbaula ndi mipando yanu yapulasitiki. Alendo anu akubwera masana, nthawi ilipo. Bwerani kuno kudzuwa. Misozi, tenga lichero ilo uziswa nsawa, kumvetsera sikufuna manja. Ndikuuzeni za mwala umenewo.

Kuyambira m'mawa mukungoti kwazizira, pamene mwavala majuzi awiriawiri ndi zipewa zobisa makutu. Ife a kuno ku Feira kutentha ndiye tinakuzolowera. Mwezi wa Okutobala ngakhale mbuzi imachita kusankha poponda. Koma Juni akafika, chaka chilichonse amatipeza tili opusa ngati sitinamuonepo. Masiku amenewo, damu la Kariba lisanamangidwe, nkhungu inkadzuka pa Zambezi m'mawa mpaka tsidya la ku Zumbo osaoneka, ndipo kamphepo kake kankalowa m'mafupa. Bulangeti linali limodzi nyumba yonse. Kukacha mwamuna ankalifunda n'kupita nalo kukaothera dzuwa, iwe mkazi n'kutsala ndi kansalu kako kamodzi ulendo wa kudooko. Amene anabwerako kunkhondo ya azungu anali ndi majasi aatali aja ofika m'akakolo. Miyezi ina yonse anthu ankawaseka, koma mu Juni aliyense ankafuna kukhala nawo pafupi.

Komatu nyengo yozizira ndiyo inali ya alendo. Mapira ali m'nkhokwe, masau apsa, udzudzu wachepa, madzi atsika moti ngakhale wamantha amakwera bwato. Maukwati, maubatizo, kuonetsa ana, zonse tinkazisungira miyezi imeneyi. Nanga alendowo n'kuwaika kuti? Nyumba zathu zinali zozungulira, zoti ukatambasula mwendo wagunda khoma. Chipinda chochezera chinali bwalo basi. Ndiye kulandira anthu panja kukuzizira inali ntchito yofuna mutu. Unkayamba waona kumene mphepo ikuchokera, n'kuimika mpanda wa bango mbali imeneyo. Mphasa sunkaziyala malo amodzi tsiku lonse, unkazikoka kutsata dzuwa, alendo n'kumanyamuka akuseka. Nkhuni zinali za mupani, ena amati tsanya, chifukwa makala ake sazima msanga ndipo utsi wake suliza anthu. Moto wa abambo pawokha, wa amai pawokha, wophikira pawokha. Tiyi tinkangomumva kwa a ku Boma. Ife thobwa tinkalipereka lofunda, mbatata zili m'phulusa kudikira aliyense wofuna kufunditsa zala. Mlendo akabwerera kwawo akunena kuti kwa uje ndinazizidwa, mbiri imeneyo inkakutsata zaka.

Ine si wa kumtsinje, mukudziwa. Kwathu ndi kumtunda, mudzi wa kufupi ndi Katondwe, kumene madzi tinkatunga pachitsime ndi chikho. Ambuya anu aamuna, a Zuze, anandiona kutchalitchi atabwera kudzagulitsa nsomba zouma. Anali ndi msinkhu, mano oyera ndi bodza lokoma. Anandiuza kuti kwawo ku Kavalamanja nsomba zimadzilowera zokha mumphika. Anandilonjezanso kuti akanditenga panjinga. Njingayo inabweradi, yobwereka, koma inaphwa tayala tisanataye mudzi, ndipo ulendo wonse ndine ndinkaikankha iwo atasenza katundu. Ndinali wokongola nthawi imeneyo. Usaseke, Misozi, mphuno imene umanyadirayo unaitenga kwa ine. Ndinalinso wodzimva, ndipo kudzimvako ndiko kunabweretsa zonse zimene ndikuuzenizi.

Kubanja kwa a Zuze kunali mwambo wake. Mkazi wobwera sankakhala ndi moto wakewake. Unkaphikira pamafuwa a apongozi, mchere kupempha, chipande kubwereka, mpaka tsiku limene akuluakulu a kuchimuna adzadye chakudya chako pabwalo pako n'kuvomera kuti uyu wakula. Akakana, unkabwerera kukhitchini kwa apongozi chaka china chathunthu. Ine ndinaphikira kumeneko zaka ziwiri. Apongozi anga, amai a Zuze, anali amasiye. Sanali ankhanza, iyayi, koma anali osayankhula. Ukaphika ndiwo ankalawa, n'kuyang'ana kudenga, n'kuthiramo kamchere osanena kanthu. Kamchere kameneko kankandiwawa kuposa kutukwanidwa. Dzina langa sankalitchula, ankangoti "mwana wa kumtunda". Moto wangawanga ndinkaufuna ngati mmene inu mumafunira mafoni atsopano.

Andereya, atate ako Penjani, atabadwa n'kubatizidwa, apongozi anandiitana.

"Mwana wa kumtunda, pa Chiweru abale a ku Zumbo adzaoloka kudzaona mwana. Adzadyera pabwalo pako. Ine sindipondako mpaka alendo atafika. Ndidzabwera ngati mlendo."

"Akubwera ndani, Amai?"

"A Dominga."

A Dominga anali azakhali a Zuze, mlongo wa malemu atate awo, ndipo pa nkhani ya moto mawu omaliza anali awo. Mai ameneyo ankasuta kaliwo, ankavala ndolo zamkuwa, ndipo anali atabwezapo akazi awiri kukhitchini kwa apongozi, wina chifukwa utsi unaliza alendo, wina chifukwa mphasa inali ndi utitiri.

Sabata yonse sindinapume. Bwalo ndinasesa mpaka nyerere kusamuka. Mpanda tinaimika ndi a Zuze, nkhuni ndinasenza mpaka khosi kuuma. Thobwa ndinaphika la mapira. Mpunga ananditumizira amai anga, ndipo a Zuze anapha micheni ikuluikulu, yamafuta, ya mano ngati minga. Chinatsala ndi mafuwa. Kwathu kumtunda mafuwa tinkasema pachulu kapena kutola kuphiri, zinthu zosongoka, zosaoneka bwino. Koma ine tsiku lililonse kudooko ndinkaona miyala ili m'madzi, yozungulira, yosalala, ina yofiirira, ina yamizeremizere. Ndinkadabwa kuti anthu a kuno ndi aulesi bwanji, kusiya miyala yokongola chonchi n'kumaphikira pa zonyansa. Ndinati mumtima, a Dominga adzaone kuti mwana wa kumtunda ali ndi maso. Ndinasankha isanu ndi umodzi, itatu ya nkhali ya nsomba, itatu ya mphika wa mpunga. Ndipo kuti isatuwe ndi fumbi, komanso kuti akazi anzanga asandibere nzeru, ndinaisiya m'madzi momwemo, kuseri kwa bango, mpaka m'mawa wa tsikulo.

Misozi wagwira kale pakamwa, ndiye kuti sukulu inalowako. Penjani akungondiyang'ana, sakuona cholakwika. Iwe ndiwe mdzukulu wanga weniweni. Dikira umve.

Chiweru, inu mumati Loweruka, kunacha kozizira kuposa masiku onse. A Zuze anapalasa m'mamawa kukatenga alendo, ndiye miyala ija sanaione. Ine ndinalowa m'madzi mpaka m'mawondo, zala kuuma gwa, n'kusenza miyala yanga iwiriiwiri. Ndinaikhazika kuseri kwa nyumba, ndinaima patali kuiyang'ana mmene inkanyezimira, kenaka ndinatereka miphika n'kusonkha moto. Dzuwa litakwera pang'ono nkhungu inayamba kung'ambika, ndipo tinaona mabwato awiri akubwera, anthu atadzikulunga nsalu kungotsala maso. Atatsika, milomo inali yotuwa. A Dominga ankanjenjemera mpaka kaliwo kugunda mano. Pakati pa abambo panali wina wa jasi la usilikali, amene anayamba kufotokoza za nkhondo asanakhale n'komwe pansi.

Ndinagwada, ndinawomba m'manja, n'kuwatsogolera pamphasa za padzuwa kuseri kwa mpanda. Thobwa lofunda linazungulira. A Dominga anagwira chikho ndi manja awiri, anamwa, anapuma, anamwanso. Anayang'ana mpanda, anayang'ana nkhuni, anatembenuza nsonga ya mphasa kufuna utitiri, osaupeza. Kenaka anatenga Andereya, anamuvundukula, n'kunena kuti makutu ndi a kwawo, zinazo sakuzidziwa. Atatha kumuona anamupereka kwa mai wina amene anamubereka n'kumayenda naye kumapeto kwa bwalo. Apongozi analowa nthawi imeneyo atavala nsalu yawo ya kutchalitchi, n'kukhala kumapeto kwa mphasa ngati mlendo weniweni. Mtima wanga unali m'malo. Ndinayamba n'kuganiza za pamene ndidzapachike chipande changa.

Apa mphepo inasintha. Inasiya mbali ya mpanda n'kuzungulira kuchokera kumtsinje, yolasa. Amai onse ananyamuka ndi mphasa zawo kudzaunjikana pafupi ndi moto wophikira, poti nyumba inkatchinga. Ine pofuna kuonetsa kuti pakhomo panga nkhuni si vuto, ndinawonjezera mupani mpaka malawi kunyambita khosi la nkhali. A Dominga anatambasula mapazi.

"Uku ndiye kulandira alendo," anatero.

Mawu amenewo ndinawamva ndi makutu angawa, ndipo ndimawasungabe bwino chifukwa sanakhalitse.

Poyamba kunamveka kakulira, tsiii, ngati nkhuni yaiwisi. Kenaka phuu! Mwala woyamba unaphulika ngati mfuti yagogodera. Nkhali inapendekeka, msuzi wonse khuthu pamoto, phulusa kobo. Wachiwiri unatsatira, wachitatu sunafune kutsalira, mphika wa mpunga nawo n'kugubuduka. Amai anabalalika, nsalu kugwa, zikho kugubuduka. Abambo kumoto kwawo anagwa chafufumimba, ndipo wa jasi la usilikali uja ndiye anayamba kuthawa, anakapezeka m'khola la mbuzi. Kachibenthu kamwala kanadula kaliwo wa a Dominga pakati, iwo n'kutsala ndi kamtengo kokha pakamwa. Mulungu ndi wabwino, panalibe wovulala. Andereya anali kutali kumsana kwa mai uja, anangodzidzimuka n'kulira. Nkhaniyi ndimaisimba ndikuseka, koma ndikafika pamenepa thupi limandizizira mpaka lero.

Kenaka ndinayang'ana pamoto paja. Micheni yanga ili m'phulusa, mpunga uli mbwee, nkhuku zayamba kale ntchito. A Dominga analavula kamtengo kaja, anatola chibenthu cha mwala ndi nsonga ya nsalu, n'kuchitembenuza. Mbali imodzi inali yosalala. Aliyense wobadwira kumtsinje anadziwa pomwepo. Mwala wokhala m'madzi umamwa madzi, ndipo ukauika pamoto waukulu madziwo amafuna potulukira. Kuno mwana amauzidwa zimenezi asanaphunzire kusambira. Ine ndekha ndi amene sindinkadziwa, ndipo panalibe amene anaganiza zondiuza, poti aliyense ankayesa kuti dziko lonse limadziwa.

"Ndani waika miyala ya m'madzi pamoto?" anafunsa a Dominga. Sanakweze mawu.

Ndinagwada. Ndinaiona khitchini ya apongozi ikundidikira, chipande chobwereka, kamchere kaja, chaka china. Ndinamvanso mumtima mmene akazi a kudooko adzandisekere mpaka ana anga adzakule. Ndinatsegula pakamwa kuti ndivomere, koma wina anandilanda mawu.

"Ndine, mulamu," anatero apongozi ali chikhalire pamphasa. "Ndinamupatsa ndine dzulo. Maso akalamba, ndinayesa ndi ya kuphiri."

A Dominga anawayang'ana nthawi yaitali.

"Inu? Munthu wobadwira pachilumba, amene mchombo wanu unakwiriridwa mumchenga?"

"Ine ndemwe."

"Mwakalambadi, mulamu."

Wina anayamba kuseka chapansipansi, wina anatsatira, ndipo wa jasi atatulukira ndi manyi a mbuzi paphewa bwalo lonse linagwa nako kuseka. Koma chimene ankaseka kwambiri ndi apongozi. Mai woti ankaphunzitsa atsikana a mudzi wonse kuphika, lero waphikira alendo pamiyala ya m'madzi. Iwo anakhala pomwepo, nkhope osasintha, akusekedwa ndi ana obadwa dzulo. A Dominga sanali opusa. Anandiyang'ana ine, anayang'ana m'munsi mwa nsalu yanga momwe munali musanaume, anayang'ananso apongozi, kenaka anangopempha munthu kuti awagawireko fodya wa m'mphuno.

Apongozi ananyamuka osandiyang'ana. Anapita kukhitchini kwawo n'kubwera atasenza fuwa pankhata. Anatula, anabwereranso, katatu konse. A Zuze anafuna kuwalandira, iwo anangowayang'ana, a Zuze n'kubwerera kukakhala. Anali mafuwa awo enieni, a kuphiri, akuda bii, amene nawonso anawalandira kwa apongozi awo, omwewo amene ine ndinawagwadira zaka ziwiri ndikuwanyoza mumtima. Anawakhazika pakati pa bwalo langa, anawagwedeza kuona ngati akhala bwino, n'kupukuta manja.

"Amake Andereya," anatero, "alendo ali ndi njala."

Kanali koyamba kunditchula choncho.

Micheni tinaitsuka phulusa n'kuiotcha pamakala. Mpunga tinausiyira nkhuku. Ndinabwereka mphika, ndinaphika nsima ya mapira, ana n'kuwapangira phala la malambe, ndipo mbatata za m'phulusa zija zinatipulumutsa. Anthu anadya mochedwa, dzuwa litapendeka, atapanikizana mozungulira moto umodzi, abambo ndi amai omwe, mwambo utaiwalika. Za kuzizira palibe anadandaulanso, kuthamanga kuja kunawafunditsa. Wa jasi anayesa kufotokoza kuti ku khola anapita kukateteza mbuzi, koma palibe anamuthandiza.

Pokwera bwato a Dominga anandikodola. Ndinagwada pamchenga.

"Nsomba inali ndi kamchenga," anatero. "Koma mafuwa ndawaona ali pabwalo pako, ndipo si ine ndingawanyamule kuwabweza, ndi olemera. Mwamuna wako andisemere kaliwo wina. Iwe kudooko uzikatunga madzi chabe, zina uzisiya."

M'mawa mwake ndinasenza fuwa limodzi kuti ndikabweze, poti ndinayesa angondibwereka. Ndinapeza khitchini ya apongozi atasesa, phulusa atataya, chipande atachikulunga m'kansalu.

"Ukupita nalo kuti?" anafunsa.

"Ndabweza, Amai. Muziphikira pati?"

"Munthu mmodzi ndiphikirenji? Ndizidya kwako. Tenga ndi chipandechi."

Ndiye onani, ana inu. Ine amene ndinkathawa khitchini ya apongozi ndinaupezadi moto wanga, koma unabwera ndi apongozi omwe. Anadya pamoto panga zaka zonse zimene anakhala, ana anga onse anakulira pamiyendo pawo, ndipo kamchere sanaleke kuthira ngakhale tsiku limodzi. Mudzi wonse unawapatsa dzina loti a Nyamfuti. Akamadutsa, ana ankabisala kuseri kwa nkhokwe n'kumati phuu, iwo osatembenuka. Kangapo ndinafuna kuulula kudooko kuti miyala ija inali yanga. Ankangondiponda chala.

Atadwala matenda awo omaliza unali mwezi ngati uno. Ndinkawatulutsa m'mawa kudzuwa, n'kumakoka mphasa yawo kutsata kumene lapita. Tsiku lina ndikuwadzoza mafuta kumapazi ndinalimba mtima.

"Amai, tsiku lija munanamiranji?"



"Ine anandiseka ndili kale ndi imvi, panalibe choti andichotsere," anatero. "Iwe akanakuseka uli ndi mwana woyamba kumsana, ukanakalamba nacho." Anapuma pang'ono. "Komanso miyala ija inali yokongoladi. Nanenso ndinkaisirira ndili mtsikana."

Ndinalira, sindikubisa. Ndinkawakonda mai aja, ndipo ndinachedwa kuzindikira.

Mwa mafuwa atatu aja limodzi linasweka lokha ndi ukalamba. Lina linatsala ku Kavalamanja nthawi imene tinathawa nkhondo ya kutsidya, titabwerera sitinalipezenso. Ili ndinalikulunga m'nsalu n'kulisenza njira yonse, ambuya anu akundinena kuti anthu anyamula mabulangeti iwe wanyamula mwala. Iwo anapita, mabulangeti anatha kalekale, fuwa ndi limeneli lili pamapazi pakopo.

Tsopano linyamule, Penjani, koma osati kudzala. Kaliike pakati pa bwalo, mbali imene nyumba ikutchinga mphepo, ndipo upeze ena awiri kuseri kwa khola. Ndi a kuphiri, usaope. Mbaula zanu ikani, sindikukanizani, mipando yanu yozizira kumatako nayonso ikani. Koma ndiwo za alendo anu ziphikidwe pamenepo. Uphike ndiwe, Misozi. Ukalawa n'kuona kuti zonse zakwana, undiitane, ndipo ubwere ndi kambale ka mchere. Ndithiremo pang'ono.